Mwana wa Athawadzuwa Atsikira ku Tete

Lifidzi, Lachitatu

Filomena mwana wanga,

Amako ndi azakhali ako ali kuseri kwa nyumba akumanga katundu wako, ndikuwamva akukangana za mphika woti utenge ndi woti usiye. Ine ndabwera kuno kuchisakasa cha matabwa, ndakankhira utuchi pambali, ndakhala pameza kuti ndikulembere dzuwa lisanalowe. Mawa pa Ulongwe, kamiyau, galimoto ya katundu ija, ikamadzanyamuka, padzakhala anthu ambiri, ndipo ndikudzidziwa ndekha. Ndidzakugwira dzanja, ndidzati uyende bwino, zina zonse sindidzazinena. Pepala silindiyang'ana m'maso, n'chifukwa chake ndasankha pepala. Udzawerenge muli panjira.

Dzina langa la ubatizo ndi Anselmo, koma iwe wakula ukumva anthu akunditcha Athawadzuwa. Uli wamng'ono unabwera kuchokera ku shikola ukulira, unati anzako akukuimba nyimbo ya mwana wa Athawadzuwa. Unandifunsa kuti dzinalo linabwera bwanji, ine ndinakukalipira kuti ukatunge madzi. Aliyense pamudzi pano amadziwa kuti ndinapita ku Tete kukagwira ntchito ndipo ndinabwerako chaka chisanathe. Si chinsinsi. Koma m'mene zinayendera sindinakukhazikepo pansi n'kukufotokozera, chifukwa manyazi ake sanandichoke mpaka lero. Ndikukuuza tsopano, osati kuti undimvere chisoni, koma chifukwa mawa ukutsika msewu womwewo, ndipo pamene ndinapunthwa ine sindifuna kuti upunthwepo iwe.

Ndinayamba kulakwa ndisananyamuke. Nthawi imeneyo n'kuti nditangomaliza kuphunzira ukalipentala ku misau, kwa ansembe, mlongo wako Paulo akadali kumsana. Kunabwera munthu wina wa ku Domwe amene ankagwira ntchito ku Tete, atavala nsapato zonyezimira. Anatiuza za nyumba za miyala, za maloja odzaza nsalu, za mtsinje waukulu woti munthu wa tsidya lina amaoneka ngati nyerere. Ine ndinamufunsa za ntchito, za mabwana, za mitengo ya matabwa. Sindinamufunse kuti kumeneko anthu amagona bwanji, amadya chiyani, mphepo imawomba yotani. Amako ndiwo anafunsa ali pakhomo kuti, "Nanga kumeneko kumazizira ngati kuno?" Munthuyo anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo ine ndinawauza amako kuti asatisokoneze pa nkhani za amuna. Ine, amako ndi Paulo tinafika ku Tete nthawi ngati inoyi, chimanga chitauma, kuno chisanu chikuyamba kuluma. Kumeneko kunali kofunda bwino ngati m'nyumba muli moto. Ndinatumiza mawu kwa agogo ako kuti ndapeza dziko, sindidzabwereranso. Kenaka mitengo inayoyola masamba, mapiri a miyala aja anayera, chilimwe chinafika. Filomena, msomali ukausiya padzuwa sungautole ndi dzanja. Nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Madzi a mumtsuko amakhala ngati wawaphula pamoto. Dzuwa likalowa umati tsopano tipuma, koma miyala imayamba kubweza moto umene yamwa tsiku lonse. Iwenso ukafika udzapeza nyengo yokoma. Usafulumire kunena kuti wakudziwa. Mzinda umaudziwa pa mwezi wake woipa, ndiye udikire mweziwo, ndipo uziwafunsa akazi anzako kuti amakonzekera bwanji usanafike.

Za kazako yanga yakuda uyenera kuti unamvapo anthu akuseka. Inali jekete yaubweya, yolemera, ndinaigula kwa munthu wochokera ku migodi. Kuno inali ulemerero, munthu ukaivala ku misa anthu ankakupatsa malo kutsogolo. Ku Tete ndinkaivala Lamulungu lililonse, mabatani onse otseka, kuti Anyungwe aone kuti ndine munthu wa ku misau, mwana wa Angoni, osati wamba. Tinayandikana nyumba ndi bambo wina dzina lake Kandiyero, msinkhu wanga womwewu, ankagwira ntchito pa batelau, chombo chija chowolotsa anthu ndi magalimoto pa Zambezi. Tsiku lina tikupita kutchalitchi anandiyandikira nati, "Mbale wanga wa kumapiri, vulani chimenecho. Kuno Mulungu amatizindikira ndi malaya okha." Ndinamuyankha kuti kwathu sitipita kwa Mulungu ngati tikupita kukaweza. Anangoseka. Misa ili pakati, titagwada, ndinaona makandulo akuchuluka, kenaka sindinaonenso kanthu. Ndinatsitsimuka ndili panja pansi pa mtengo, pachifuwa pali pamtunda, amayi awiri akundithira madzi, ana atandizungulira, Kandiyero akundikupiza ndi chipewa chake. Anali atandinyamula yekha kundichotsa m'tchalitchi. Ukudziwa mawu oyamba amene ndinalankhula? Sindinati zikomo. Ndinati, "Kazako yanga ili kuti?" Ndikamakumbukira, nkhope imandiyaka ngakhale ndili ndekha muno. Mwana wanga, bulangete limene amako akupatsa ulitenge, ndi lakwanu, koma ukafika ulipinde uliike pansi pa bokosi. Uzivala zimene akuvala eni dziko. Ulemu wa munthu sukhala mu ubweya.

Nkhani ya kugona ndiyo inazunza amako ndi Paulo. Kuno kwathu wogona panja ndi woledzera kapena wa pamaliro. Kumeneko chilimwe chikafika, dzuwa likangolowa mabanja onse amatulutsa mphasa, amayala pabwalo, amacheza kuchokera khomo lina kufika khomo lina, ana n'kugona pomwepo. Ine ndinaona ngati n'chamanyazi. Ndinkatseka chitseko, kutseka zenera, mpaka kutseka mipata ndi nsanza monga timachitira kuno poopa mphepo ya m'mapiri. M'nyumbamo munkakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Paulo anatuluka timatuza thupi lonse, m'khosi ndi m'khwapa munasupuka, ankalira mpaka mawu kutha. Amako anandipempha kangapo. Ndinkati mkazi wa Mngoni sagona pamsewu. Madzulo ena anangonyamula mwana ndi mphasa, anaima pakhomo nati, "Bambo a Paulo, nyumba yanuyi khalani nayoni. Ine mwanayu sindimuphika." Anakayala pafupi ndi akazi a Kandiyero. Pasanapite nthawi timatuza tija tinauma. Ine ndinapitirizabe kugona m'kati ndekha, thukuta lili chuchuchu, ndikumva anthu akuseka panja, ndi mawu a amako omwe. Palibe anandiletsa kutuluka. Ndinadzitsekera ndekha. Iwe ukaona anthu onse akuchita chinthu chimene kwanu n'chachilendo, usayambe ndi kunyoza. Uyambe wafunsa kuti amachitiranji. Amuna ako a Domingo akuti ali nayo nsalu yotchinga udzudzu, muziimangirira ngakhale panja. Ndipo chifukwa cha chifuwa chakocho, uzisunga nsalu pafupi yoti ufunde mbandakucha, kamphepo ka kumtsinje kakayamba.

Pa za chakudya ndinachita chinthu chimene sindinaulule ngakhale kwa wansembe, chifukwa nthawi imeneyo sindinkachiona ngati tchimo. Amako amachikumbukira bwino. A Kandiyero anatiitana kwawo. Akazi awo anaphika nsima ya mapira ndi nsomba yaikulu imene mwamuna wawo anabwera nayo kumtsinje, anatiikira ife alendo mbali yonona. Ukudziwa kuti agogo ako nsomba sankaiyandikira, ankati ndi njoka ya m'madzi, ndipo ine ndinakulira pa nyemba, mbatata ya kachewere ndi mkaka. Ndikanatha kudya pang'ono, kapena kunena kuti m'mimba simuli bwino. Koma ndinakankha mbale n'kunena mwa Chinyanja, poganiza kuti samva, kuti kwathu mapira timafululira mowa, otsala timapatsa nkhuku. Chinyungwe ndi chilankhulo chathu n'zapachibale, mwana wanga, amamva zonse. Mayi uja anagwada, anachotsa mbale yanga, anakandikazingira mtedza n'kundibweretsera m'kambale. Amako anadya nsomba ija mpaka mutu, n'kufunsa kaphikidwe kake, ndipo pobwerera kunyumba sanandilankhule. Kumeneko kachewere sudzamuona kawirikawiri, mapichesi udzangowalota. Kuli mbuzi, nsomba, masau, malambe. Zina zidzakuvuta poyamba. Udye. Chimene wakupatsa mwini nyumba ndicho chimene dziko lake limabala, ukachinyoza wanyoza iye ndi makolo ake. Usadzaiwale kuti amamva.

Chimene chinandigwetsa kwenikweni ndi ntchito. Ndinkapanga zitseko ndi mazenera a loja ya bwana wina amene tinkamutcha patarau, Mmwenye wa ku Goa, munthu wosalankhulalankhula. Amisiri a kumeneko amayamba ntchito kusanache bwino. Mthunzi ukafika pansi pa mapazi amaika zida pansi, amakagona pakhonde, amadzayambanso dzuwa litapendeka. Ine ndinati ndi ulesi, ndinanena mokweza, anamva onse. Ndinkakhala ndekha pabwalo masana, macheka ali m'manja, kuti patarau aone kusiyana kwa munthu wa kumapiri ndi wa kuchigwa. Patarauyo anatuluka tsiku lina, anandiyang'ana, nati, "Anselmo, ndikufuna zitseko, sindikufuna mtembo." Ndinaganiza kuti akundiyamikira. Thupi linayamba kutha pang'onopang'ono, chakudya sichinkalowa, tulo panalibe. Malungo atabwera anapeza munthu wotha kale. Ndinagona nthawi yaitali, mankhwala a kinino akulira m'makutu ngati njuchi, ndikulota nkhungu ya ku Lifidzi ikutsika m'phiri. Amisiri amene ndinawatcha aulesi aja ndi amene ankasinthana kudzandiona, wina ndi mtolo wa nkhuni, wina ndi mazira. Ntchito ya pakhomo pako uziigwira m'mawa ndi madzulo. Masana ukhale pamthunzi, umwe madzi, ndipo usadzione ngati walakwa. Palibe adzakupatse ulemu chifukwa cholimbana ndi dzuwa.

Nditangoyamba kuima ndi ndodo ndinamva kuti kuli galimoto ikukwera kuno kudzatenga chimanga. Ndinauza amako kuti amange katundu. Zitseko zija ndinazisiya zitatsamira khoma, zosapachika. Sindinatsanzike kwa patarau, kwa amisiri, kapena kwa wina aliyense. Ndinkafuna kuchoka anthu asanandione. Koma kuchoka ku Tete kubwera kuno n'kuwoloka mtsinje, ndipo pa batelau tsiku limenelo panali Kandiyero. Ndinabisala kuseri kwa matumba, chipewa chili kumaso. Anabwera, anapereka moni kwa amako, anamuseweretsa Paulo, anamupatsa masau m'kansalu. Kenaka anaima pafupi ndi matumba aja nati, "Mbale wanga, mukapereke moni kumapiri. Dzuwa lathu silinakudeni, limatiwotcha tonse." Ine ndinanamizira kugona. Titafika tsidya lino ndinacheuka, ndinaona amako akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu, akuyang'ana kumene tachokera. Ukadzawoloka mawa kapena mkuja, ufunse ngati alipo amene akumudziwa munthu ameneyu. Ngati ali moyo, kapena ana ake, ukawauze kuti kalipentala wa kazako yakuda uja akuti zikomo. Adzakumbukira, chifukwa ndinawaseketsa mokwanira.

Misozi ya amako ija ndinaiona koma sindinaifunse. Zaka zambiri zinapita ndisanamvetse. Ku Tete kumene ine ndinkafota, amako anali atanenepa. Mawondo awo, amene umawadziwa m'mene amawavutira chisanu, kumeneko anasiya kuwawa. Anali ataphunzira Chinyungwe, anali ndi anzawo opita nawo kumtsinje, ankaseka kuposa m'mene waonapo iwe akuseka. Ndinawachotsa kuno osawafunsa, ndinawachotsanso kumeneko osawafunsa. Ndinkaganiza kuti m'mene thupi langa likumvera ndi m'mene dziko liliri. Si choncho. Malo amodzi omwewo wina amamudwalitsa, wina amamuchiritsa, ndipo anthu awiriwo akhoza kukhala ogona pamphasa imodzi. Taona a Domingo m'mene avutikira kuno. Milomo yong'aluka, zala zouma pogwira njerwa m'mawa, kufunda matumba pamwamba pa bulangete. Ntchito yomanga imene inawabweretsa ku Ulongwe inatha kalekale, anangotsalira kufunafuna ina chifukwa cha iwe. Mukakhala kumeneko muzifunsana. Tsiku lina akadzafuna kusamukira kwina, ku Beira kaya ku Moatize, usadzangomanga katundu ngati amako. Udzanene za chifuwa chako poyera, mwaulemu, koma udzanene.

Tsopano ndafika pa zimene ndakuchita iwe, ndipo cholembera chikundilemera. Mphumu inakuyamba usanathe msinkhu. Chaka chilichonse tikangokolola, nkhungu ikayamba kugona m'dambo, chifuwa chako chinkayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Tinayesa masamba a bulugamu, tinayesa uchi, tinayesa mankhwala a ku misau. Chaka chija tinakutumiza kwa azakhali ako ku Kapiridzanje, kumunsi kofunda, unakhalako chisanu chonse, unabwera masaya atatuluka, osatsokomola n'kamodzi komwe. Anthu onse anaona, inenso ndinaona. A Irima a kuchipatala cha misau, sisitere wamtali uja, anatiuza ine ndi amako mosabisa kuti, "Mwana uyu mapiri ano sakumuyanja. Mankhwala anga akungomugwiriziza. Mupezereni malo ofunda." Ndinati tamva, ndinavala chipewa, tinabwerera.

Ndiye kunabwera a Domingo ndi ankhoswe awo, mkulu uja womanga naye nyumba. Munthu wa mpingo, wa luso lake m'manja, wosamwa, ndipo iwe unamufuna. Kwawo ku Tete n'kofunda, malo enieni amene a Irima ananena. Mulungu anachita kubweretsa yankho pakhomo panga, litavala malaya oyera. Ine ndinakhala pampando n'kunena pamaso pa amalume ako ndi alendowo kuti, "Mwana wanga sindingamupereke kwa anthu ogona pabwalo ngati mbuzi." Mkulu uja anatola ndodo yake. A Domingo anawerama nati, "Bambo, ndamva," basi. Ndikudziwa kuti unali kuseri kwa nkhokwe, ndinaona mapazi ako. Anthu anaganiza kuti ndikukukonda kwambiri, kuti ndikuopa malungo angakuphe. Inenso ndinkadziuza zomwezo. Zoona zake n'zakuti kwa zaka zonsezi, aliyense akanditcha Athawadzuwa, ndinkayankha kuti ku Tete sikukhala munthu, pitani mukaone. Iwe ukanapita n'kukakhalako bwino, aliyense akanadziwa kuti vuto silinali Tete. Ndinakusunga m'chisanu kuti ndibise manyazi anga. Palibe dzina lina loti ndichipatse chimenechi.

Chisanu chathachi ukuchikumbukira kuposa ine, koma pali zina zimene sunazione. M'mawa uja udzu unali mbee, madzi a m'mbiya atachita khungu pamwamba. Amako anakupeza utagwira mzati wa khonde, milomo itada, mawu osatuluka. Ine ndi Paulo tinakunyamula pa machila, njira yonse ndikumvetsera ngati ukupumabe. Pena kulira kwa chifuwa kunkasiya, ndipo pamenepo ndinkakuitana dzina lako. A Irima atakulandira sanandikalipire. Anangondiyang'ana, n'kutseka chitseko. Ndikanakonda akanandikalipira. Madzulo ake, utayamba kupuma bwino, ine ndi amako tinkabwerera kudzatenga zofunda. Tili pakati pa minda anaima. Amako sanandikwezerepo mawu chikwatirane, ndipo tsiku limenelonso sanakweze. Anati, "Bambo a Paulo, inu munathawa dzuwa, muli moyo mpaka lero, anthu amangokusekani. Mwana uyu mukumutsekera kuno kuti asakusekeni kachiwiri. Akafa, dzina limene adzakupatseni simudzatha kulisenza." Anapitiriza kuyenda. Ine ndinakhala pansi pamzere wa nyemba, sindikudziwa nthawi yaitali bwanji.

Kutacha ndinakwera njinga kupita ku Ulongwe. A Domingo ndinawapeza pamwamba pa makwerero akumanga khoma la loja, atakulunga thumba m'khosi. Anzawo onse analeka ntchito kuti aone. Ndinavula chipewa, ine wamkulu, pamaso pa anyamata, n'kunena kuti mawu amene ndinalankhula aja anali oipa, ndabwera kudzawabweza. Anatsika, anapukuta manja pa buluku, ndipo chinthu choyamba chimene anafunsa chinali chakuti, "Bambo, Filomena wadzuka bwanji?" Za mbuzi sanazitchule, ndipo sanazitchulepo mpaka lero. Munthu ameneyu umusunge. Mukadzayambana, chifukwa palibe banja losayambana, usadzamunyoze ndi kwawo kapena mtundu wake. Mnyozo umenewo anaulandira kale kwa bambo ako, ndi wokwanira.

Sindikukunamiza kuti kumeneko zonse zidzakhala zokoma. Mphepo ya chilimwe imanyamula fumbi, ndipo fumbi nalonso silikondana ndi mphumu. Ikayamba kuwomba uzitseka pamphuno ndi nsalu yonyowa, uziwaza madzi pabwalo usanasese. Kumtsinje usapite wekha, uzitunga pamene akutunga anzako, ng'ona za kumeneko si nthano. Thupi likangotentha usadikire kuti uone mawa, pita kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo kulakalaka kwanu kudzakugwira, sindikubisa. Kudzakugwira pa tinthu tating'ono, fungo la utsi m'mawa wa nkhungu, kulira kwa ng'ombe zikutuluka m'khola, nyimbo za ku misa m'chilankhulo chako. Ukadzalira usadzaganize kuti walakwitsa kupita. Munthu akhoza kusowa kwawo pamene thupi lake likuchira kwina, ziwirizi zimayendera limodzi. Uzidzifunsa funso limodzi chaka chikatha: kodi ndikupuma bwino? Ngati yankho ndi inde, khala, zina zonse zizolowereka.

Ngati yankho lidzakhale ayi, ngati mutayesa nyengo zonse n'kuona kuti dzikolo lakukana, kuchoka si tchimo. Ine chimene chimandichititsa manyazi si kubwerako. Thupi langa mwina silikanatha ndithu, anthu tinapangidwa mosiyana. Chimandichititsa manyazi n'chakuti sindinayese kukhala monga akhalira eni ake, ndinanyoza amene ankandithandiza, ndinasiya ntchito ya mwini pakati, ndinachoka ngati wakuba, kenaka ndinadzanamizira dziko. Iwe ukadzafuna kuchoka pamalo alionse, umalize zimene unayamba, ulowe khomo ndi khomo kutsanzika, uchoke masana anthu akuona. Ukatero ukhoza kudzabwereranso. Ine ku Tete sindingapondeko, osati chifukwa cha dzuwa.

Akundiitana kuseri, akuti ndikamange chingwe pabokosi lako, ndiye ndimalize. Ndatsala ndi mawu amodzi. Enawa anali malangizo, ukhoza kusankhapo, koma awa ndi lamulo, ndipo ndi lomaliza limene ndikukupatsa ngati bambo ako. Ine ndakula, amakonso akula. Tsiku lina uthenga udzakupeza kuti kwanu kwagwa matenda, kapena kuti Anselmo watisiya. Uthengawo ukadzafika nthawi ya chisanu, usadzakwere kuno. Ndikubwereza, Filomena, usadzakwere. Pamaliro anthu amagona panja, pa udzu wa mame, ndipo iwe ndikukudziwa, udzafuna kukhala pafupi ndi amako mpaka kucha. Anthu adzalankhula, adzati mwana wamtundu wanji wosabwera kudzaika bambo ake. Asiye alankhule. Ndawauza kale amako, Paulo ndi amalume ako kuti amenewa ndi mawu anga, ndipo pepala lino ulisunge kuti likhale mboni yako. Ndinakulanda kale nyengo zachisanu zimene sindingakubwezere, sindifuna kukulanda ina ndili m'bokosi. Udzandipempherere komweko. Udzabwere chilimwe, nthaka itafunda, mapichesi akupsa, ndi ana ako ngati Mulungu adzakupatse, Paulo adzakusonyeza pamene andigoneka. Usadzafulumire. Udzandipeza, sindidzathawiranso kwina.

Uyende ndi Mulungu, Nachisale.

Ndine bambo ako,
Anselmo